Wokwera ndi Wogwira Chingwe



Teremu ino pali kanema wina amene wakhala akuyenda pa mafoni kuno ku Chezi, ndipo anyamata athu ambiri amuonera kunja kwa mpanda wa sukulu. M'kanemamo muli mzungu wovala malaya ofiira, wakakamira pa khoma la thanthwe ngati buluzi, pansi pake mitengo ikuoneka ngati udzu, ndipo m'chiuno mwake mulibe chingwe chilichonse. Sipanapite masabata awiri, kholo lina linadzadandaula kwa a komiti ya mzikiti kuti laona ana a sukulu yathu atakwera thanthwe lakuphiri kumene amadyetsako mbuzi, ena atavala masilipasi, mnzawo ali pansi akuwajambula. Alhamdulillah palibe anavulala. Tikanatha kungopereka chibalo nkhani n'kuthera pomwepo, koma taona kuti chibalo sichichotsa chimene chalowa m'maso. Tiyeni m'malo mwake tiwaphunzire bwinobwino anthu okwera matanthwewa, tione zimene anachita, makamaka zimene kanema wa mphindi ziwiri saonetsa.

Munthu wa malaya ofiirayo ndi Alex Honnold wa ku America. Pa 3 June 2017 anakwera thanthwe la El Capitan, lomwe lili m'chigwa cha Yosemite ku California, wopanda chingwe, m'maola atatu ndi mphindi 56. Thanthwelo ndi lotalika pafupifupi mamita 900. Ganizani mabwalo a mpira asanu ndi anayi atalumikizidwa, kenaka n'kuimiritsidwa chilili. Palibe munthu wina anachitapo zimenezi pa El Capitan iye asanachite.

Chimene foni siikuuzani n'chakuti Honnold anakwera njira yomweyo kambirimbiri ali ndi chingwe, kwa nthawi yoposa chaka, anzake akumugwirira. Ankalemba m'kabuku pamene dzanja lamanja ligwire ndi pamene chala chachikulu cha phazi chiponde, n'kumaloweza monga mmene hafiz amalowezera tsamba. Chakumapeto kwa 2016 anayamba kukwera wopanda chingwe, atafika pena anaona kuti mtima sukukhazikika, ndipo anabwerera, ngakhale ojambula kanema anali atakonzeka kale. Komanso foni siikuuzani za John Bachar, katswiri wina wa ku America amene anatchuka ndi kakweredwe komweka ka wopanda chingwe, yemwe anagwa n'kumwalira mu 2009. Ife sitikuona kukwera kopanda chingwe ngati chinthu choyenera kutsanzira, ngakhale wochitayo akhale katswiri wotani. Thupi ndi amana imene Allah anatisungitsa, si chuma chathu choti tizichitira juga. Ndipo okwera matanthwe ambiri padziko, akatswiri omwe, amakwera ndi chingwe, awiriawiri.

Thanthwe lathu lomwe

Mwina mukuganiza kuti zimenezi n'za kunja. Ayi. Khoma la thanthwe limene limatchulidwa kuti ndi lalitali kwambiri kwa okwera mu Africa muno lili m'Malawi, pa phiri la Mulanje. Ndi nkhope ya kumadzulo ya nsonga ya Chambe, yotalika pafupifupi mamita 1,700, kutanthauza kuti El Capitan ikungopitirira pang'ono theka lake. Amene munayendapo pa msewu wochokera ku Mulanje boma kupita ku Phalombe, kudutsa ku Likhubula, munaliona: khoma lotuwa limene limadzaza zenera lonse la minibasi. Lili ndi zigawo ziwiri, chapansi ndi chapamwamba, ndipo pakati pake pali khonde lalikulu lomera tchire.

Mu 1977 amuna awiri, Frank Eastwood yemwe ankakhala kuno ku Malawi, ndi Ian Howell yemwe ankadziwika pokwera mapiri a ku Kenya, anatsegula njira yolunjika pa khoma limeneli. Eastwood pambuyo pake analemba buku lolondolera alendo pa phiri la Mulanje, lomwe okwera akhala akuligwiritsa ntchito kwa zaka zambiri. Chovuta pa Chambe si kutalika kokha. Mwala wa Mulanje ndi wosalala, uli ndi ming'alu yochepa. Wokwera amadalira ming'alu kuti alowetsemo tizitsulo tokolowekapo chingwe, ndiye pamene mulibe mng'alu amayenda mtunda wautali wopanda chomuteteza. Okwera ku Mulanje nthawi zambiri amadalira zitsa za udzu ndi timitengo tolimba totchedwa vellozia, tomwe timamera pa mwala weniweniwo. Onjezanipo chiperoni, chimene chimatha kuphimba phiri ndi nkhungu ndi mvula yowaza dzuwa likadali pamutu, mwala n'kuyamba kuterera.

Taonani kuti tatchula mayina awiri. Sizinangochitika. Pa khoma ngati limeneli mmodzi akamakwera, mnzake amakhala atadzimangirira pa thanthwe, akumasula chingwe pang'onopang'ono kudzera pa kachitsulo kamene kali pa lamba wake. Wotsogola akaterereka, wogwirayo amakanikiza chingwe pa kachitsuloko, kukhulana kwa chingwe ndi chitsulo n'kumuimitsa mnzakeyo. Chingwe chikatha, chomwe kawirikawiri chimakhala cha mamita 50 mpaka 70, wotsogola amadzimangirira nayenso, wapansi uja n'kukwera kumupeza, n'kuyambiranso. Pa mamita 1,700 muwerengere nokha kuti amasinthana kangati. Wogwira chingwe amakhala pa kakhonde kosakwana mkeka, nthawi zina ola lathunthu, akuzizidwa, khosi lili chagada, ndipo sangayerekeze kusinza kapena kukanda pamene pamuluma.

Pang'ono za Fizikisi

A Fomu 3 ndi Fomu 4, tsegulani makope. Chinthu chikamagwa, liwiro lake limawonjezeka ndi mamita 9.8 pa sekondi, sekondi iliyonse. Munthu wogwa kuchokera pa mamita 5 amafika pansi pa liwiro la pafupifupi makilomita 36 pa ola. Wogwa kuchokera pa mamita 10 amafika pa makilomita 50 pa ola, ndipo zonsezi zimachitika m'sekondi imodzi ndi theka, nthawi yosakwanira n'komwe kutambasula mkono kuti ugwire kanthu. Makilomita 50 pa ola ndi liwiro la galimoto yodutsa pa msika wa Chezi ikupita ku Salima. Palibe mwana wanzeru angaime pakati pa msewu kuti galimoto imeneyo imugunde, koma mwana yemweyo amakwera thanthwe la mamita 10 akuseka.

Chimene chimapha si kugwako, koma kuima mwadzidzidzi. N'chifukwa chake chingwe cha okwera chimapangidwa ndi ulusi wa nayiloni woti uzitamuka. Wokwera akagwa, chingwe chimatamuka n'kumuimitsa pang'onopang'ono, mphamvu ya kugwako n'kufalikira pa kanthawi kotalikirapo. Chingwe cha khonje chomangira ng'ombe, kapena chija chabuluu chomangira katundu pa njinga, si chopangidwira ntchito imeneyi: chikhoza kuduka pokhulana ndi mwala, ndipo chikapanda kuduka chimamukoka munthu mwamphamvu moti msana kapena nthiti zikhoza kuthyoka. Tikunena izi chifukwa tikuwadziwa ana athu. Wina akawerenga nkhaniyi aganiza zokamasula chingwe kukhola.

Mfundo imene sinamalizidwe

Pa akatswiri onse, amene ife tikufuna mumukumbukire kwambiri ndi mayi wina, Lynn Hill, wa ku America, wamfupi ndithu, wosakwana mamita 1.6. Pa El Capitan pali njira yotchedwa The Nose. Oyamba kuikwera, Warren Harding ndi anzake, anamaliza mu 1958 atagwira ntchito masiku 47 m'kati mwa chaka ndi theka, akukhoma zitsulo m'thanthwe n'kumadzikoka nazo. Kwa zaka zambiri amuna amphamvu anayesa kuikwera ndi manja ndi mapazi okha, chingwe chili chongowateteza akagwa, koma onse analephera. Mu 1993 Lynn Hill anakwanitsa, m'masiku anayi. Chaka chotsatira anabwerera n'kuikwera m'maola 23. Pamalo ena ovuta kwambiri anapambana osati chifukwa cha nyonga za mikono, koma chifukwa anapeza kaimidwe ka thupi ndi kapondedwe kamene ena sanakaganizire. Atsikana, mumve bwino pamenepa. Pa ulendo wa maola 23 uja chingwe anamugwirira ndi Steve Sutton, dzina limene simudzalimva kawirikawiri.

Koma mayi yemweyu anatsala pang'ono kufa zaka zinayi asanachite zimenezi. Mu 1989 ku Buoux, m'dziko la France, pa njira yosavuta yongotenthetsera thupi, anayamba kumanga chingwe pa lamba wake, kenaka china chake chinamusokoneza, ndipo mfundo sanaimalize. Anakwera mpaka pamwamba, anatsamira kumbuyo kuti chingwe chimutsitse, chingwe n'kusolokamo. Anagwa mamita oposa 20. Nthambi za mtengo ndi zimene zinachepetsa liwiro lake, napulumuka ndi chigongono choguluka ndi phazi lovulala. Panthawiyo anali kale mmodzi mwa okwera odziwa kwambiri padziko lonse. Masiku ano okwera amaphunzitsidwa kuti asananyamuke, aliyense aone mfundo ya mnzake ndi lamba wa mnzake, ngakhale mnzakeyo akhale mphunzitsi wake.

Ku madrasa tonse tinamva za munthu amene anafunsa Mtumiki Muhammad, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, ngati amange ngamira yake kapena angoisiya n'kudalira Allah, ndipo anauzidwa kuti achite zonse ziwiri, kuyambira ndi kumanga. Ana ena akafunsidwa chifukwa chimene amakwerera pamalo oopsa amayankha kuti tsiku likakwana lakwana. Imeneyo si tawakkul. A Shehe afotokoza bwino kuposa ife, koma tikudziwa kuti tawakkul imabwera mfundo itamangidwa.

Pa El Capitan pomwepo panachitikanso china mu January 2015. Tommy Caldwell ndi Kevin Jorgeson anakwera mbali yosalala kwambiri yotchedwa Dawn Wall, atakhala pa khomapo masiku 19, akugona m'matenti olendewera. Caldwell alibe mbali yaikulu ya chala chake chamkombaphala cha kumanzere, chomwe chinadulidwa ndi macheka a magetsi mu 2001, koma si zimenezo tikufuna muone. Jorgeson anakanirira pa chigawo cha nambala 15 kwa sabata yathunthu, akugwa n'kuyambiranso, khungu la zala litang'ambika. Caldwell anali atadutsa kale zigawo zovuta, ndipo akanatha kumaliza yekha ulemu wonse n'kukhala wake. Anadikira, namugwirira mnzakeyo chingwe mpaka anadutsa, ndipo anafika pamwamba limodzi pa 14 January.

Amtengatenga

Tichoke pa matanthwe pang'ono tipite ku mapiri a chipale, chifukwa kumeneko ndi kumene nkhani ya munthu wothandiza imaonekera poyera, ndipo si nthawi zonse imakoma. K2, phiri lachiwiri kutalika padziko lonse, la mamita 8,611, lili kumalire a Pakistan ndi China. Oyamba kufika pansonga pake anali Achille Compagnoni ndi Lino Lacedelli a ku Italy, pa 31 July 1954. Dzulo lake, mabotolo a okosijeni amene awiriwa anapumira anawasenzera ndi Walter Bonatti, mnyamata wa ku Italy komweko, ndi Amir Mehdi, mtengatenga wa ku Hunza, m'dziko la Pakistan. Atafika pamene anagwirizana, tenti sanaipeze, chifukwa anali ataikhoma pamwamba kuposa pamene anapangana. Kunawadera, ndipo anagona panja pa chipale, pa mamita pafupifupi 8,100, opanda chofunda. Mehdi, amene nsapato zake zinali zosayenera kuzizira kotero, anadulidwa zala zonse za kumapazi ndipo sanakwerenso phiri. Awiri aja analandiridwa kwawo ngati ngwazi, ndipo panatenga zaka 50 kuti bungwe la okwera mapiri la ku Italy livomereze poyera mmene zinthu zinayendera usiku umenewo.

Ku Mulanje nakonso kuli amtengatenga ndi olondolera njira, amene amasenza zikwama za alendo kuchokera ku Likhubula kukwera mpaka ku tinyumba togonamo ta pamwamba. Chaka chilichonse kumachitika mpikisano wothamanga wa Porters Race, womwe unayambira pa iwowo, wa makilomita oposa 20 kukwera ndi kutsika phiri, ndipo opambana amamaliza m'maola awiri ndi mphindi zochepa, mtunda umene mlendo amayenda tsiku lonse. Kufunika kwa anthu amenewa kunaoneka momvetsa chisoni mu July 2009. Gabriel Buchmann, mnyamata wophunzira kwambiri wa ku Brazil, ankakwera Sapitwa, nsonga yaitali ya Mulanje ya mamita 3,002. Anasiya womulondolera m'munsi n'kupitiriza yekha. Nyengo inasintha, anasokera, ndipo thupi lake linapezeka patatha masabata oposa awiri, atafa ndi kuzizira. Anali atayenda m'mayiko ambiri, koma phiri limeneli ankalidziwa ndi munthu amene anamusiya uja.

Mbiri yathu ya Chisilamu pa nkhani imeneyi ili ndi khalidwe limene timalinyadira. Pa Hijra, m'chaka cha 622, Mtumiki, madalitso ndi mtendere zikhale pa iye, pamodzi ndi Abu Bakr, Allah asangalale naye, anabisala masiku atatu m'phanga la phiri la Thawr, kummwera kwa Makkah. Olemba mbiri sanasunge mayina a awiri okhawo. Anasunga dzina la Abdullah mwana wa Abu Bakr, amene ankabwera usiku ndi nkhani za mumzinda. Anasunga la Amir ibn Fuhayra, mbusa amene ankabwera ndi ziweto kuti awapatse mkaka. Anasunga la Asma, amene atasowa chomangira kamba wa paulendo anang'amba lamba wake pawiri, ndipo mpaka lero amadziwika ndi dzina la mwini malamba awiri. Anasunganso la Abdullah ibn Urayqit, wolondolera njira amene anamulemba ganyu ngakhale panthawiyo sanali Msilamu, chifukwa ankadziwa njira za m'chipululu. Ngati Mtumiki wa Allah anatenga wolondolera, mwana wa Fomu 2 sangachite manyazi kufunsa mbusa wa mbuzi kuti thanthwe ili limaterera pati.

Masekondi asanu

Kukwera matanthwe tsopano ndi masewera a Olimpiki, kuyambira pa mpikisano wa ku Tokyo womwe unachitika mu 2021. Janja Garnbret wa ku Slovenia anapata mendulo ya golide kumeneko, n'kupatanso ku Paris mu 2024. Mtundu wina wa mpikisanowu ndi wa liwiro: khoma lochita kupanga la mamita 15, zogwirira zake zoikidwa mofanana padziko lonse, okwera awiri n'kumapikisana kuti ayambe ndani kumenya batani la pamwamba. Dziko limene latchuka pa mtundu umenewu ndi Indonesia, limodzi mwa mayiko okhala ndi Asilamu ambiri zedi. Mu October 2019 ku Xiamen, m'dziko la China, Aries Susanti Rahayu anakwera khomalo m'masekondi 6.995, n'kukhala mkazi woyamba kutsika pansi pa masekondi 7, ndipo anachita zimenezi atavala hijab yake. Pa 8 August 2024 Veddriq Leonardo anakwera m'masekondi 4.75 ku Paris, n'kupatsa dziko lake golide woyamba wa Olimpiki pa masewera ena osakhala badminton. Amene anapikisana naye, Wu Peng wa ku China, anachedwa ndi magawo awiri okha mwa magawo 100 a sekondi. Mukadzaona kanema wawo, yang'anitsitsani: onse ali ndi chingwe, pa khoma la mamita 15 okha.

Kuno kwathu

Makolo, tikudziwa kuti ana a m'mapiri a Dowa ndi Ntchisi sanayambe lero kukwera miyala. Amakwera potsata mbuzi, potola nkhuni, pofula njuchi, masiku ano pofuna netiweki, ndipo ambiri mwa ife tinakula choncho. Luso limene ali nalo ndi lenileni. Mwana wodziwa kuponda pa mwala wotsetsereka opanda nsapato ali kale ndi chimene okwera a m'tauni amalipira ndalama kuti aphunzire, ndipo sitikufuna kuliphetsa. Chatsopano ndi foni. Mwana wotsata mbuzi amasankha njira yosavuta, koma mwana amene akujambulidwa amasankha yovuta. Chonde, mvula ikayamba muziwakumbutsa kuti thanthwe lomera ndere likanyowa limaterera ngati sopo, ndiponso kuti kutsika n'kovuta kuposa kukwera chifukwa maso saona pamene phazi likupita. Mwana akagwa n'kumadandaula khosi kapena msana, musamunyamule m'manja kapena kumukweza pa kabaza atakhala tsonga. Mugonekeni pa chitseko kapena pa thabwa, mutu usagwedezeke, mupite naye kuchipatala choncho.

Kwa ophunzira, lamulo la sukulu ndi ili: palibe kukwera thanthwe lotalika kuposa msinkhu wanu popanda munthu wamkulu wodziwa, ndipo wojambula mnzake ali pamalo otere tidzamuwerengera mlandu wofanana ndi wa wokwerayo.

Kwa a komiti ya mzikiti tili ndi pempho. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Ku Lilongwe kuli bungwe la Climb Malawi, lomwe lili ndi khoma lophunzirirapo, zingwe zoyenera ndi achinyamata a Chimalawi amene amaphunzitsa anzawo. Kuchokera kuno ndi ulendo woti munthu apite n'kubwera tsiku lomwelo. Tikupempha chilolezo choti tiwalembere kalata kufunsa ngati angalandire gulu la ophunzira athu, anyamata ndi atsikana, atsikanawo atatsagana ndi aphunzitsi aakazi komanso amayi awiri a mu komiti. Tikufunanso nyengo ya mvula ikatha tidzayende m'nkhalango ya phiri la Ntchisi, m'njira zodziwika, ndi wolondolera wa komweko amene tidzamulipire moyenera. Za ndalama ya mayendedwe tidzakambirana pa msonkhano wa makolo, Insha Allah.

Ntchito ya sabata ino: a Fomu 3 ndi Fomu 4 apeze liwiro la Veddriq Leonardo pa khoma lija m'mamita pa sekondi, kenaka apeze nthawi imene mwala ungatenge kugwa kuchokera pamwamba pa khoma lomwelo, afananize ziwirizi. A Fomu 1 ndi Fomu 2 abwere Lachinayi ndi kachingwe kotalika mita imodzi, kalikonse kamene kali pakhomo. Tidzaphunzira kumanga mfundo yooneka ngati nambala 8, imene okwera amamangira chingwe pa lamba, ndipo tidzachita zimenezi titakhala pansi pa bwalo, awiriawiri. Malikisi adzapita kwa amene apeze cholakwika pa mfundo ya mnzake.

Wassalaam alaikum.